KODI WANCHITO AGONE KUTI?

Awa ndi mau amene analankhula mlembi wa nthambi yathu ya m'komboni pa msonkhano wa anchito ndi amai a pamsika. Tawalemba monga momwe anawanenera, kuti inu amene simunafikeko muwerenge ndi kuuzako anzanu.

Kwaca! Ngwee!

A Cheyamani, amai ndi atate, abale ndi alongo anga, ndithokoza kuti mwabwera ngakhale muli otopa. Ena mwacokera ku mafakitale, ena ku msika, ndipo ena mukangocoka pano mupita kukalonda mageti a anthu ku mayadi usiku wonse, cotero sindidzakusungani mpaka mdima. Nkhani imene ndaimira pano ndi ya nyumba. Mitambo yayamba kale kusonkhana, ndipo aliyense wa ife adziwa cimene cicitika m'komboni muno mvula ikagwa masiku atatu otsatana. Tsono ndifuna tikambirane za Khonsolo, zimene yacita pa nkhani ya nyumba kuyambira nthawi ya atsamunda kufikira lero, ndi zimene ife tiyenera kukaiuza.

Ine sindinapite patali ndi sukulu, ndinalekezera Giredi 7. Koma dzanja langa linali labwino ndipo masamu sanandivute, cotero ndinapeza nchito ya ukalaliki pa mgodi wina ku Copperbelt. Nchito yanga inali ya buku. Munthu akatenga nyale kuti alowe pansi, ndinali kulemba nambala yace, ndipo akaturuka nabweza nyaleyo ndinali kuconga. Shifiti ikatha ndipo nambala imodzi siinabwere, palibe amene anali kupita kunyumba, onse anali kufuna-funa mpaka munthuyo apezeke. Koma munthu amene sali m'buku, ngakhale mwala umgwere pansi pamenepo, palibe adzamfuna, pakuti kwa akulu a nchito munthuyo kulibe. Pa tsiku la malipiro ndi cimodzi-modzi. Ungakhetse thukuta mwezi wathunthu, koma ngati kalaliki sanakulembe, sulandira ngakhale ngwee imodzi.

Abale anga, Khonsolo nayonso iri ndi buku ndi mapu. Nyumba imene iri m'bukumo ilandira nambala, mseu, pompi ndi cikalata. Nyumba imene siri m'buku, ngakhale mwabaliramo ana asanu ndi kukhalitsiramo maliro awiri, kwa iwo pamenepo ndi pathengo. Ndipo pathengo munthu sacita odi, angobwera ndi cimakina cace.

Kodi zinayamba bwanji kuti anthu ambiri a mzinda uno akhale kunja kwa buku? Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo amene anaujambula mzindawu pa pepala anaujambulira Azungu, ndi miseu yotakata ndi mitengo m'mbali. Munthu wakuda sanali kuwerengedwa ngati mwini tauni. Anali mlendo wobwera ndi citupa kudzagwira nchito, ndipo mphamvu zikatha anayenera kubwerera kumudzi. Agogo anga anacoka ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata, ndipo anali kutisimbira za tinyumba tozungulira ta udzu ta ku Kabwata, tomangira amuna okha-okha opanda akazi ao. Tinyumbato tina tikali cimire pa malo amene lero agulitsapo ziboliboli kwa alendo. Mukapita kumeneko mukalowemo, muone ngati mungaikemo bedi ndi ana atatu.

Mu 1948 Boma la atsamunda linapanga lamulo la nyumba za anthu akuda m'matauni. Lamulolo linati wolemba anthu nchito awapezere pogona, ndipo Khonsolo imange nyumba zimene mabwana adzalipirira lendi. Ndi m'mene anamangira Matero ndi Chilenje watsopano m'zaka za m'ma 1950, ndipo pamenepo wanchito analoledwa kukhala ndi mkazi wace. Ena adzati cimeneco cinali cabwino. Inde, denga linalipo, koma nyumbayo inamangiriridwa ku nchito ngati mbuzi pa cikhomo. Ukakangana ndi kapitao m'mawa, madzulo katundu wako ali panja. Nchito yatha, nyumba yatha. Akulu anati nyumba ya mwini saochera mbewa, ndipo makolo athu anadziwa tanthauzo la mau amenewa kuposa ife, cifukwa munthu woopa kugona panja saturutsa mau pa nchito ngakhale amnyoze cotani.

Nanga amene analibe bwana wowalipirira lendi, omanga nyumba a masiku owerengeka, ogulitsa makala, amai ofulula mowa, anapita kuti? Maina a makomboni athu ayankha okha. John Laing ndi John Howard anali makampani omanga, amene anasunga anchito ao m'misasa. George linali dzina la mwini famu. Chawama poyamba anali kuchedwa Roberts. Misisi ndi mau amene anthu anali kuitanira dona wa Cizungu mwini malowo. Eni mafamu ndi eni migodi ya miyala anali kulola anthu kumanga tizisakasa pa malo ao ndi kulandira ndalama pa mwezi, ndipo Khonsolo inali kuyang'ana kumbali, pakuti malowo anali kunja kwa malire ace. Ndiko kubadwa kwa makomboni amene tikhalamo. Sanabadwe cifukwa anthu akuda akonda uve ai, anabadwa cifukwa mzinda unafuna manja athu koma sunafune kutipatsa pogona.

Ufulu unabwera pa 24 October 1964, citupa cinali citafa, ndipo anthu anadza m'tauni ndi mabanja ao monga kunayenera. Mu 1963 Lusaka anali ndi anthu pafupi-fupi 123,000. Pofika 1969 anali 262,000. Taganizani, zaka zisanu ndi cimodzi cabe anthu awirikiza kawiri! Khonsolo inamanga nyumba ku Libala, ku Chilenje South ndi ku Chelston, nyumba zabwino ndithu, koma zinali ngati kuthira madzi m'dengu. Inayesanso njira ina, yopima mapuloti, kulambula miseu ndi kuika madzi, kenaka munthu amange yekha. Mtendere anayamba motero mu 1967, ndipo Kaunda Square nayenso ndi wa njira yomweyo. Koma ndisakubiseni, m'zaka zimenezo Boma lathu lomwe, Boma la anthu akuda, linali kutumabe anthu kukagwetsa tizisakasa. Agwetsa Lolemba, pofika Lacisanu anthu amanganso pataliko pang'ono. Kodi akanapita kuti?

Tsopano mumvetsere bwino, pakuti pano ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. Mu 1972 Boma linalemba m'cikonzero cace caciwiri ca citukuko kuti makomboni si cinthu cogwetsa ai, koma ndi cuma cimene anthu amanga ndi manja ao, ndipo cofunika ndi kuwakonza. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lopatsa mphamvu yolengeza komboni kuti ndi malo ovomerezeka oyenera kukonzedwa, ndi kupatsa mwini nyumba cikalata cokhalira pamalopo zaka 30. Cikalataco cinali kuturuka ku Khonsolo komweko, popanda kufuna loya kapena wopima malo wa mtengo wapatali. Caka comweco World Bank inabwereka dziko lino madola 20 miliyoni, ndipo Khonsolo ya Lusaka inatsegula ofesi yapadera yoyendetsa nchitoyo ku George, ku Chawama, ku Chaisa, ku Garden ndi ku Chipata komboni.

Funsani akulu amene analipo akuuzeni m'mene zinayendera. Akatswiri sanakhale mu ofesi ndi kujambula mzera pa mapu kuti mseu udzadutsa apa. Anayenda pansi pamodzi ndi atsogoleri a m'komboni, nyumba ndi nyumba, kukambirana kuti mseu ukhote pati kuti nyumba zogwa zikhale zocepa. Amene nyumba yace inali panjira sanamtaye, anampatsa puloti pa malo amene anakonzeratu pambali pa komboni lomwelo, kuti asatalikire abale ace, chalichi cace ndi nchito yace. Anaika pompi imodzi pa nyumba 25 zirizonse. Anamanga masukulu, zipatala zazing'ono ndi misika. Anabwereketsa simenti ndi malata kuti munthu asinthe nyumba ya dothi kukhala ya mabuloko, cipinda cimodzi caka cino, cina caka camawa. Mabanja zikwi-zikwi amene dzulo lace anali kuchedwa olowerera analembedwa m'buku, ndipo munthu atadziwa kuti cimakina sicibweranso, anaturutsa ndalama imene anabisa m'citini naigulira malata. Palibe amene amanga nyumba yolimba pamene sadziwa ngati idzaona mwezi wamawa. Anthu a maiko ena anabwera kudzaphunzira kwa ife. Zimenezi zinacitika muno, m'miseu yomwe mwayendamo pobwera ku msonkhano uno.

Nanga cinalakwika nciani? Mtengo wa kopa unagwa mu 1975 ndipo thumba la Boma linauma. Cimeneco ncoona, koma si cokhaco. Panali ndalama yaing'ono ya pa mwezi imene nyumba iriyonse inayenera kulipira ya madzi ndi malo, pamodzi ndi kubweza nkhongole ya simenti. Ambiri sanalipire. Ena anati sitilipira cifukwa zinyalala sacotsa ndipo pompi yauma, Khonsolo nayo inati sitikonza cifukwa simulipira, ndipo andale, poopa kutaya mavoti, sanafune kukakamiza munthu. Cotero ndalama yoti ikakonze komboni lotsatira siinabwere. Kanyama sanalowe m'nchito imeneyo, ndipo mu 1978 madzi anasefukira kumeneko, nyumba zambiri zinagwa ndipo anthu anafa.

Pali cina cimene ndiyenera kunena ngakhale a Cheyamani andiyang'ana. Cizolowezi cakuti munthu wa cipani ndiye agawa mapuloti cinayamba ndi ife. M'masiku amenewo Khonsolo inali kukana kuti makomboni aliko, ndipo cheyamani wa nthambi ndiye anali kuloza mlendo pomanga, kusiya njira pakati pa nyumba, ndi kuweruza milandu ya malire. Ambiri a iwo anagwira nchitoyo mokhulupirika, ndipo popanda iwo anthu akanagona m'mifolo. Koma khomo limene tinatsegulalo silinatsekedwe. Zipani zinasintha, zipewa zinasintha mtundu, koma wogulitsa malo amene si ace akalipo, ndipo tsopano salozanso mwacifundo, afuna ndalama zambiri. Ngati tifuna anthu atikhulupirire pa nkhani iyi, tiyambe tavomera mbali yathu.

Mu 1996 Boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za Khonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, ndipo zambiri zinapita pa mtengo wotsika zedi. Posakhalitsa nyumba za ku migodi nazonso zinagulitsidwa kwa anchito. Sindidzaima pano kunyoza cinthu cimeneco, cifukwa atate anga anali mmodzi wa amene anapata nyumba, ndipo ndikumbukira amai akulira ndi cimwemwe kuti tsopano palibe adzatiturutsa. Unyolo uja womanga nyumba ku nchito unaduka. Koma taonani mbali inayo. Lendi ya nyumba zija ndiyo inali ndalama yaikulu ya Khonsolo, ndipo zitapita, Khonsolo inatsala ngati mlimi amene wagulitsa ng'ombe zace zonse pamodzi ndi khasu. Ndalama zimene zinalowa sizinamange nyumba zina zolowa m'malo. Caka comweco ca 1996 Boma linalemba ndondomeko ya nyumba imene inati K15 pa K100 iriyonse ya ndalama za dziko ipite ku nyumba. Mau anali okoma ndipo dziko linalandira nao mphoto kunja, koma ndalama yotero siinaperekedwe. Amene anali m'nyumba caka cimeneco anapata. Ife ana ao, amene tinakula pambuyo pace, tinapeza mndandanda wa nyumba za Khonsolo kulibe, pakuti kunalibenso nyumba zoyembekezera.

Pa kalembera wa 2022 mzinda wa Lusaka unapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo pa anthu 10 alionse, pafupi-fupi 7 akhala m'makomboni onga lathu lino. Akulu a Boma eni ace akhala akunena kuti dziko lisowa nyumba 1.5 miliyoni. Tsono wanchito amene wakwatira caka cino acite ciani? Apita kwa mwini nyumba kukacita lendi kacipinda ka pa mdadada, mabanja asanu ndi atatu cimbudzi cimodzi. Akatopa ndi lendi afuna puloti. Akapita ku Khonsolo amuuza kuti ayembekezere cilengezo m'nyuzipepala, ndipo cilengezo cikaturuka afuna ndalama yofunsira yosabwezedwa, ndi pepala la ku banki losonyeza kuti angathe kumanga. Kodi mlonda ali ndi pepala la ku banki? Poturuka pa geti akumana ndi mnyamata wovala cipewa ca cipani amene amuuza kuti, bwana musavutike, malo alipo.

Ndinena izi ndi manyazi cifukwa inenso ndinagwamo. Nchito ya ku mgodi itatha ndinabwera kuno ndi kandalama kanga ka m'thumba, ndipo ndinapereka pafupi-fupi theka lace kwa munthu wina amene anandionetsa puloti kumalire a mzinda. Anandipatsa pepala lokhala ndi cidindo cofiira. Ine kalaliki, wodziwa mapepala, sindinapite kukafunsa ngati nambalayo iri m'buku, pakuti mtima unali utathamanga kale kukaika denga. Nditabwera ndi mabuloko oyamba ndinapeza mai wina ali kukumba maziko pamalo pomwepo, ndipo pepala lace linali lofanana ndi langa, cidindo comweco. Tikali kukangana anafika wacitatu. Safunsa anadya phula. Kufikira lero ndiri pa lendi, zipinda ziwiri, ine ndi mkazi wanga ndi ana atatu.

Koma ine ndinacita mwai, cifukwa ndinataya ndalama ndisanamange. Ena amanga mpaka kumaliza, Khonsolo iri kuona, magalimoto a mcenga ali kudutsa masana dzuwa liri pamutu, ndipo palibe awaletsa. Zikapita zaka, cimakina cibwera usiku ndi apolisi. Mu August 2022 ku Chingola nyumba zoposa 300 zinagwetsedwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe, ndipo anthu anaona thukuta lao la zaka zambiri lasanduka mulu wa mabuloko osweka. Ine sindinena kuti anthu amange pa bwalo la ndege, kapena pansi pa nthambo za magetsi, kapena pa malo a sukulu. Malo ena ndi oopsa ndipo ena ndi a ife tonse. Koma ndifunsa kuti, pamene buloko loyamba linali kuikidwa, woyang'anira wa Khonsolo anali kuti? Ndipo amene analandira ndalama za anthuwo ali kuti? Musaganize kuti ogulitsa malo onse ali kunja kwa geti. Mu 2020 nduna ya maboma ang'ono inaimitsa makhansala a Lusaka ndi a Kitwe kwa miyezi itatu cifukwa ca nkhani zomwezi za kagawidwe ka malo.

Ndipo kusowa kwa buku kupha anthu ngakhale cimakina cisanabwere. Pansi pa Kanyama ndi makomboni oyandikana nalo pali mwala wa laimu wokhala ndi mapanga, ndipo madzi ali pafupi. Mukakumba cimbudzi apa ndi citsime apo, mvula ikadza ziwirizo zikumana pansi. Madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba imene wogulitsa mapuloti anaiika panjira ya madzi idzamira caka ndi caka. Kolera imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko lino. Bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana sanatsegulire sukulu mpaka February 2024. Odwala ambiri a mu Lusaka anacokera m'makomboni. Ena a inu munaika abale anu popanda ngakhale kuwasambika.

Tsono tikauze ciani Khonsolo? Ine sindikhulupirira kuti Khonsolo ingamangire munthu aliyense nyumba, ndipo amene adzabwera kukulonjezani zimenezo afuna voti yanu cabe. Nyumba za mzinda uno tamanga ndife, ndi ndalama za cilimba ndi za kantemba, ndipo tidzapitiriza kumanga. Cimene sitingathe kucita tokha ndi kupima malo, kusiya mseu, kukumba mfolo waukulu ndi kulemba m'buku. Imeneyo ndiyo nchito ya Khonsolo, ndipo lamulo lakale la 1974 ngakhale linafafanizidwa, lamulo la mapulani a mizinda la 2015 linasunga mphamvu yomweyo yolengeza komboni kukhala lovomerezeka ndi kupereka cikalata ca zaka 30. Sitipempha cinthu cacilendo. Tipempha cimene ciri kale m'lamulo, cimene makolo athu anaciona ndi maso.

Coyamba atiwerenge, ndipo awerenge onse. Pano ndifuna amene muli pa lendi mutsegule makutu, cifukwa m'komboni muno ndife ambiri. Komboni likakonzedwa, mseu ukalowa ndi madzi akafika, mwini nyumba alandira cikalata ndipo mwezi wotsatira akweza lendi. Wa lendi anyamula mphasa yace napita kutali kumene kulibe madzi, nakayamba komboni lina. Kapena nyumba ikagwetsedwa kuti mseu udutse, mwini apatsidwa puloti, koma mabanja anai amene anali kukhala kumbuyo kwace palibe awachula. Ndi iwo amene mudzawapeza agona pa sitesheni ya mabasi ndi pansi pa matebulo a pamsika, ndipo ana ao ndiwo aja apempha pa maloboti m'tauni. Munthu sabadwira mu mseu. Afikamo cifukwa tsiku lina nchito inatha, lendi inapitirira miyezi itatu, ndipo panalibe buku liri lonse limene linali ndi dzina lace. Ngati Khonsolo idziwa kuti m'nyumba yakuti muli mabanja angati, ingathe kuwawerengera pogawa mapuloti atsopano, ndipo a ofesi yothandiza ovutika angathe kufika pa banja lisanaturutsidwe, m'malo mokatola ana ace m'tauni pambuyo pace.

Kunena za amai amasiye, lamulo la cuma ca masiye la 1989 linena poyera kuti mwamuna akafa wosasiya wilo, nyumba ikhala ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo akhalamo moyo wace wonse pokhapo ngati akwatiwanso. Koma nyumba yopanda cikalata ndi yosavuta kulanda. Abale a mwamuna abwera ku maliro ndi galimoto, agulitsa nyumba pa kapepala ka m'kope, ndipo mai ndi ana ali panja. Amai, mukamva zotero musakhale cete, pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Ndipo inu amuna anzanga, pamene cikalata cituruka lembetsani maina awiri, lanu ndi la akazi anu. Imfa siiimba ng'oma pobwera.

Cina cacikulu ncakuti Khonsolo ifike pamalo anthu asanafike. Mzinda uli kukula kupita ku Chongwe, ku Chilanga ndi ku Chibombo, ndipo aliyense aona kumene anthu adzamanga zaka zisanu zikudzazi. Makhonsolo a kumeneko ndi a kuno akhale pansi pamodzi ndi mafumu eni malo, apime mapuloti ang'ono amene mlonda ndi mai wa pamsika angathe kulipira pang'ono-pang'ono, asiye malo a mseu, a sukulu ndi a mfolo, aike pompi, ndipo maina a olandira awapacike pa khoma kuti tonse tiwawerenge. Asatiuze kuti timange nyumba ya pulani ya ku mayadi m'miyezi 18. Atilole kuyamba ndi cipinda cimodzi ndi cimbudzi cabwino. Kupima malo opanda munthu ndi kochipa. Kulowetsa mseu pamene pali kale nyumba 500 ndi kodula, ndipo kubala misozi. Wogulitsa mapuloti wakuba alemera cifukwa ndiye yekha amene ali ndi katundu pa msika. Khonsolo ikabwera ndi wace weni-weni, wa mtengo wofikirika, malonda a wakubayo adzafa okha.

Ndipo ngati pali nyumba zimene ziyeneradi kucoka, abwere masana, atapereka cidziwitso colembedwa, osati m'nyengo ya mvula, ndipo anene kumene anthuwo apite. Tsiku lomwelo amene anagulitsa malowo akaonekere ku khoti, kaya wavala cipewa ca mtundu wanji, ngakhale cathu.

Adzatiuza kuti kulibe ndalama. Kale yankho limenelo linali kutitseka pakamwa, koma tsopano pali pofunsira. Thumba la citukuko ca dera la phungu, limene mulidziwa kuti CDF, linali K1.6 miliyoni, ndipo mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera limodzi, mu 2025 linafika K36.1 miliyoni. Ndalama imeneyi idutsira ku Khonsolo, ndipo zofuna za anthu ziyambira ku komiti ya citukuko ya mu wadi, imene lamulo la maboma ang'ono la 2019 linakhazikitsa. Ndifunse, ndi angati pano amene anakhalapo pa msonkhano wa komiti imeneyo? Kwezani manja. Mwaona, atatu cabe. Siingamange nyumba za tonse ndalama imeneyo, ndipo iri ndi nchito zina zambiri, za madesiki ndi za ana a sukulu. Koma ingakumbe mfolo, ingaike thanki ya madzi. Ngati ife sitipitako, adzasankha ena amene mvula siwalowera m'nyumba. Ndiponso kuyambira 2016 meya timsankha tokha ndi voti yathu, cotero ali ndi mangawa kwa ife.

Mbali yathu nayo iripo. Khonsolo ikatilemba m'buku, ndalama ya malo ya pa mwezi tilipire, ndipo tifune lisiti, ndi kufunsa kuti ndalamayo yagwira nchito yanji m'wadi muno. Tisabwereze colakwa ca m'ma 1970. Ndipo amene mwamanga khoma pa mfolo, mudziwa nokha, musayembekeze kuti ndikuchuleni dzina pamaso pa apongozi anu.

Sitidzayembekeza Khonsolo kuti iyambe. Pali magulu a amai osunga ndalama pamodzi m'makomboni a dziko lino amene anayamba kale kudziwerenga okha nyumba ndi nyumba, ndi kupita nalo buku lao ku Khonsolo, ndipo akulu a kumeneko amvera munthu wobwera ndi manambala kuposa wobwera ndi mkwiyo wokha. Ifenso ticite cimodzi-modzi. Loweruka likudzali tiyamba ndi cigawo ca kumunsi kumene madzi ayambira kulowa. Ndagula makope anai ndipo ndalemba kale mizera: dzina la mwini nyumba, mabanja a lendi, ana, cimbudzi, kumene atunga madzi, ndi pamene madzi anafika pa khoma caka catha. Ndifuna acinyamata asanu ndi mmodzi a dzanja lowerengeka, ndi amai awiri odziwika bwino kuti atsogole, cifukwa anthu sadzatsegulira anyamata okha-okha. Palibe ndalama iriyonse yolipira, ndipo wina akadza kukupemphani ndalama m'dzina la kalembera ameneyu mudzandiuze. Sitifunsa khadi la cipani. Eni nyumba, musabise anthu anu a lendi, sitinatumidwe ndi a msonkho.

Pepala liri lonse la malo limene muli nalo mulituritse m'sutukesi kuti tilione, la Khonsolo, la cheyamani wakale, ngakhale la cidindo cofiira longa langa lija, pakuti nalonso lidzatithandiza kudziwa amene anali kugulitsa. Tikamaliza kuwerenga tidzapempha khansala wathu tsiku loti tikakumane ndi komiti ya mu wadi, ndipo tsikulo tidzalengeza m'pepala lathu lino. Mapepalawo muwakulunge m'pulasitiki, mvula iri pafupi.



Kwaca! Ngwee!